Munga wa pa Msewu wa ku Bolero

Kachitini ka polishi wa nsapato kaja ndikadali nako, ngakhale chivindikiro chinachita dzimbiri moti potsegula mpaka ulowetse mpeni. Polishi munalibe kuyambira kale. Munkakhala zigamba zodula ku chubu chakale, guluu wa m'kachubu kofinyikafinyika, ndi kachidutswa ka lata koboolaboola ndi msomali kokhulira mphira. Kanali ka bambo anga. Atamwalira m'nyengo yokolola, kachitiniko ndi njinga yawo zinatsalira amayi, ndipo chilimwe chotsatiracho pakhomo pathu pankanunkha guluu kuposa ndiwo.

Tinkakhala ku Hewe, kwawo kwa bambo. Amayi anali a ku Dedza. Anakumana ndi bambo ku esiteti ya fodya ku Kasungu, n'kuwatsatira kumpoto. Kwawo kwa amayi mwana ndi wa kuchikazi, koma ku Hewe malowolo akaperekedwa mwana ndi wa kwa bambo ake, ndipo malowolo anali ataperekedwa ine ndisanabadwe. Maliro atatha, akuluakulu anawaikira amayi njira ziwiri. Alowe m'nyumba ya bambo aang'ono, mng'ono wawo wa malemu, kapena abwerere ku Dedza mvula isanagwe, koma ine nditsale. Amayi anakana chokolo, komanso kundisiya sanafune. Zonsezi ndikuzidziwa lero. Pa nthawiyo ndinali mu Sitandade 4, ndipo nkhawa yanga yaikulu inali yoti ndinalibe nsapato.

Bambo aang'onowo sindiwanenera zoipa, ngakhale pali zaka zimene sindinkafuna n'kumva dzina lawo lomwe. Anali munthu wofatsa, wokhalira kuthirira nazale yake ya fodya, ndipo akagula shuga ankatipungulirako. Kukalipa sankadziwa. Ankangobwereza mawu amodzimodzi, motsitsa, ngati akupereka moni: "Mwana ngwithu, mulamu." Mwana ndi wathu. Munthu wokalipa umatha kukangana naye, koma wofatsa ngati ameneyo umangotopa wekha.

Ndiye amayi anayamba kukonza njinga. Ankaigadamitsa pansi pa mtengo wa mango, magudumu m'mwamba, iwo atakwinya chitenje, supuni ziwiri zakale m'manja zotomolera tayala. Azimayi opita kudambo ankaima n'kumaseka, amvekere Mchewa uyu wasanduka makaniko. Amayi ankaseka nawo, n'kuyankha "yewo chomene" ndi Chitumbuka chawo chopindika chija, koma maso ali pa chubu.

Ine anandiika pa beseni. Ankapopa chubu mpaka chitatupa, n'kundipatsa kuti ndizichimiza m'madzi pang'onopang'ono, kuyambira pa valavu kuzungulira mpaka kubwereranso pomwepo. Pobooka pankatuluka timathovu tondondozana, ndipo ndinkakuwa ngati ndagwira nsomba. Tinkasomekapo kamtengo ka machesi kuti pasasowe. Kenako kupukuta, kukhula ndi kachidutswa ka lata kaja mpaka mphira itayera, kupaka guluu mopyapyala, n'kudikira. Kudikirako ndiye kunkandivuta. Chala changa chinkangofuna kukhudza.

"Guluu safuna phuma," ankatero amayi, n'kundimenya kadzanja.

Guluu akasiya kunyezimira ankaikapo chigamba, n'kuchiponderera ndi chogwirira cha supuni kuchokera pakati kupita m'mbali. Koma lamulo lalikulu linali lina, ndipo ankalinena tsiku lililonse mpaka linkandifika m'khosi. "Usanabwezeretse chubu, papasa m'kati mwa tayala. Chimene chaboola chikadali momwemo." Ankagwira zala zanga n'kuziyendetsa m'kati mwa tayala lofunda, lafumbi, mpaka titazungulira lonse. Ankati bambo ako ankatero.

Aphunzitsi anga anali mayi a ku Ntcheu amene boma linawatumiza kwathuko, ndipo ndi iwo okha amene amayi ankacheza nawo Chichewa chomasuka. Madzulo ena anabwera ndi chubu chakufa atachikulunga mu mpango. Anati, "Msewu wa ku Bolero ngwaminga, achemwali," n'kuyang'ana kwa ine, n'kusiya pomwepo. Amayi anadula chubucho m'litali, n'kuchiyala m'kati mwa tayala lam'mbuyo kuti munga ukalowa uyambe wakumana ndi mphira yakufayo. Limu, chitsulo cha gudumu, anaikulunga ndi lamba wa mphira kuti mitu ya masipoko isadye chubu. Anapopa mpaka tayala litalimba gwa, poti lofewa limatsinidwa ndi miyala. Anandiphunzitsanso kuti njinga siisiyidwa padzuwa chifukwa zigamba zimamatuka, ndi kuti ukadutsa pa minga uzitsika n'kupukuta tayala munga usanalowerere. Ndinkaona ngati amayi apeza masewera oiwalira maliro, osadziwa kuti akukonzekera kuthawa nane.

Galimoto za matola zinalipo. Koma woyendetsa aliyense ku Hewe anali mlamu wa winawake, ndipo nkhani ikanafika kumudzi ife tisanakhale n'komwe pansi. Ku Bolero kokha ndi kumene mkazi ndi mwana akanakwera galimoto ya ku Rumphi popanda wofunsa kuti ndinu a kwa yani.

Amayi anandiuza kuti tikupita ku Bolero kukagula nsapato. Chimwemwe chake ndinakana ngakhale phala. Tinanyamuka m'mawa anthu ali kumadimba. Pa kaliyala anamangapo mtolo wofewa kuti ndikhalire, ndipo ndinawatama mumtima kuti amayi anga amaganiza, chifukwa msewu uja umaswa matako. Sindinafunse chifukwa chake khushoniyo inali bulangete langa, ndi zovala zanga zonse m'kati mwake.

Kutentha kwa tsiku limenelo ndimakumvabe. Nyenje zinkalira mpaka m'makutu kuwawa, fumbi lofiira linkalowa m'mano, ndipo msana wa amayi unanyowa mpaka bulauzi kumatirira. Ankapalasa ngati wina akuwathamangitsa. Pa zitunda pamene bambo ankatsika n'kukankha, iwo ankaimirira pa mapedulo. Galimoto ya fodya itatulukira kutsogolo, anapatukira m'mbali mwa msewu, pansi pa mitengo ya mthethe, nkhope atayang'ana kutchire. Galimoto itadutsa, anabwerera mumsewu osatsika, osapukuta tayala.

Sitinapite patali. Ndinayamba kumva miyala ikugunda pansi panga, kenako limu inalira pa nthaka. Linali tayala lam'mbuyo, lomwe lija analiyalira mphira.

Madzi panalibe. Amayi anapopa chubu n'kuchiyendetsa pafupi ndi tsaya mpaka anamva kamphepo, n'kupakapo malovu kuti atsimikize. Supuni inawapulumuka n'kugwera mumchenga. Guluu anamuuzira ndi pakamwa kuti aume msanga. Anamata, n'kulowetsa chubu, n'kuyamba kutseka tayala.

Ndinati, "Amayi, simunapapase."

"Khala chete, kwera."

Sanandiyankhulepo choncho chimwalirireni bambo. Ndinakwera nditatupa, ndikudziuza kuti akuluakulu malamulo amangopangira ana.

Akuluakulu omwewo amati kuthamanga si kufika. Titangowoloka kamlatho kena, tayala linaphwanso. Bowo latsopano linali pambali penipeni pa chigamba chija. Amayi anafinya kachubu ka guluu, anakapinda, anakaluma ndi mano, koma munatuluka mpweya wokha. Ndiye anachita zimene amachita anthu akasowa pogwira: anatsina pobookapo n'kumanga ndi kalamba ka mphira kuti pakhale kamfundo. Anapopa. Linagwira pang'ono, n'kuyamba kufwetsa tikuliona. Anamanganso, likuphwabe. Dzuwa linafika pamutu, ndipo ku Bolero kunali kukadali kuseri kwa zitunda.

Lero ndimapalasa njinga tsiku lililonse kupita kuntchito, ndipo ndikapsa mtima ndimawaweruza amayi. Munthu amene anakonzekera chilimwe chonse, n'kulephera kuyendetsa zala m'tayala! Koma ndili ndi ana anga tsopano, ndipo nawonso ndi a kwa bambo awo. Ndikaganiza kuti ndikanakhala ine pa msewu uja, khutu lili kumbuyo, ndimadziwa kuti nanenso sindikanapapasa.

Belu tinalimva tisanaone munthu. Anali bambo aang'ono pa njinga yawo, malaya atanyowa, matope a ku nazale akadali m'miyendo. Ndinamva pambuyo pake kuti kunyumba wina anasuzumira n'kuona kuti pa mphasa yanga palibe bulangete. Anatsika, anaimika njinga pa mthunzi, n'kupuma kaye.

"Mukuluta nkhu, mulamu?" anafunsa motsitsa, kutanthauza kuti mukupita kuti.

Amayi anali atakhala pansi, chubu chili pa miyendo. Ndinayankha ndine, mokondwa kuti kwabwera wotithandiza, kuti tikukagula nsapato ku Bolero. Bambo aang'ono anayang'ana mtolo uja nthawi yaitali. Za mtolowo sananenepo kanthu, tsiku limenelo ngakhale pambuyo pake.

Poti palibe amene ankandilabadira, ndinalowetsa dzanja m'tayala monga anandiphunzitsira. Ndinayendetsa zala pang'onopang'ono pa mphira yoyala ija, ndipo china chake chinandibaya. Unali munga wa mthethe. Unathyokera m'tayala, n'kudutsa mphira yakufayo, kansonga kokha n'kutulukira m'kati. Ndinaukankha ndi supuni mpaka unatuluka, woyera, wautali kuposa chikhadabo changa, ndipo ndinaunyamula m'mwamba kuti onse aone.

Bambo aang'ono anatulutsa guluu wawo n'kumata chubu chathu mosamala, kudikira mpaka aume bwinobwino. Atatha anamasula mtolo uja n'kuumanga pa njinga yawo, n'kundikweza ine pamwamba pake. Amayi ankatitsatira m'mbuyo okha, pa njinga yopepuka, ndipo tayala silinaphwenso mpaka kumudzi.

Amayi anachoka mitambo itayamba kusonkhana cha ku Nyika, masana, pa galimoto ya matola, mudzi wonse ukuona. Njinga inatsala chifukwa inali ya pa mudzi, ngati ine. Kachitini anandifumbatitsa m'manja, muli guluu watsopano amene aphunzitsi anagula. Anandiuza kuti akukaona agogo ndipo abwera, ndipo ndinakhulupirira mpaka chimanga chitacha. Ku Dedza ndinakafika ndili namwali kale, Chichewa changa chitapindika, ndipo tinkapatsana moni ngati alendo.

Komabe chimene chimandiwawa kwambiri si tsiku lonyamukalo ayi. Ndi pa msewu paja, ine nditaimirira ndi munga m'manja, chala chikutuluka magazi, ndikudikira kuyamikiridwa. Amayi anauyang'ana mungawo, anandiyang'ana ine, n'kunena kuti, "Wachita bwino, mwananga. Waphunzira." Kenako anaphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka, pamaso pa mlamu wawo. Ndinadabwa kuti munthu wamkulu angalire chonchi chifukwa cha ulendo wa kumsika. Ndinawagwira paphewa n'kuwauza kuti, "Musalire amayi, nsapato tikagula tsiku lina."