Makandulo a Amayi Maria pa Tcheni cha a Egidio

Alamu anga, a Egidio Bortolan, anameta anthu a m'tauni yathu mpaka manja awo atayamba kunjenjemera. Ataona kuti tsiku lina adzadula khutu la munthu, anatseka shopu n'kupachika lumo. Anthu ankati tsopano mkulu uja apuma, koma ine ndinangoseka. Munthu amene anazolowera kulongolola tsiku lonse m'khutu la mnzake amene sangathawe poti lumo lili pakhosi, sapuma ayi, amangosaka khutu lina. Tsoka ilo, khutu limenelo linali langa, chifukwa nyumba zathu n'zoyang'anizana ndipo bwalo ndi limodzi.

Chuma chawo chonse chinali njinga ya anthu awiri, yachitsulo, yobiriwira, ya zishalo ziwiri ndi matcheni awiri. Ndi njinga imeneyi imene inawakwatitsa achemwali anga a Mirella. Kunena zoona, njingayo ndiyo inafunsira, a Egidio anangoiperekeza. Chiyambire ukwati wawo, sanaphonyepo Lamlungu la mwezi wa Meyi lodalitsa njinga, pamene tauni yonse imapalasa kukwera phiri kupita ku katchalitchi ka pamwamba, ansembe n'kuwaza madzi odalitsa pa matayala. A Egidio kutsogolo, achemwali kumbuyo atanyamula buledi ndi soseji ya salami m'thumba, zaka zoposa makumi anayi.

Ndiye chaka china achemwali anakana.

Zinayambira pa ubatizo wa mdzukulu wawo, khanda la mwana wawo Loredana. Anapita kutchalitchi pa njingayo, ndipo zithunzi zitatuluka, aliyense anaona: agogo atavala diresi lawo labwino, khanda lili m'manja, koma pa mwendo mano a giya atadindika bii ngati alumidwa ndi galu wachitsulo. Chithunzicho chili pakhoma kwa asewere awo ku Padova mpaka lero.

"Chinjinga chanucho sindidzakweranso," anatero achemwali, ali pakati popachika zovala pabwalo. "Ndatopa ndi kuyenda ngati makaniko. Mukwere ndi Tullio."

"Ine?" ndinatero. "Achemwali, ndikhale kumbuyo kwa alamu ulendo wonse ndikuyang'ana dazi lawolo? Ndalakwanji?"

A Egidio sanaseke. Ndinawamvera chisoni, ngakhale sindinawauze. Nyengo yonse yozizira ankangokhala m'galaja, akusisita chishalo chakumbuyo ndi kansalu ngati kuli munthu amene adzakhalepo.

Mpulumutsi anatulukira ku bala ya a Nives, kumene anyamata ometa miyendo amaima kumwa khofi akachoka kophunzira mpikisano wa njinga. A Egidio anabwerako akuthamanga, kapu ili m'manja, n'kundipeza ndili pa makwerero ndikudulira mpesa.

"Alamu! Tsikani, tsikani msanga! Tapusa zaka zonsezi!"

"Mwapusa nokha. Kwagwanji?"

"Oyilo, alamu, oyilo ndiye mfiti! Amagwira fumbi, fumbi lija n'kusanduka phala lakuda, phalalo n'kumadya mano a giya pang'onopang'ono. Anyamata aja saika oyilo. Amaphika tcheni m'phula lotentha! Phula likalowa mkati n'kuuma, fumbi silimata. Ndagwira tcheni cha mnyamata wina ndi dzanja ili, taonani, mbee! Mungadyere buledi!"

"Ndiye mukufuna muphike njinga?"

"Matcheni okha, inu! Ndipo magiya a njinga yanga anasiya kupanga kalekale, akatha awa basi yatha. Ndi phula adzandiika m'manda akadali ndi mano. Ndipo mayi a Loredana..." Apa anameza malovu n'kuyang'ana zenera la kukhitchini. "Mwendo wawo sudzadanso."

Ntchito yoyamba inali yochotsa oyilo yense wa zaka makumi anayi, chifukwa phula silimata pa chitsulo chamafuta. Anaviika matcheni m'botolo la petulo n'kumaligwedeza akuvina pabwalo, kutaya, kuthira wina, kugwedezanso. Petulo woyamba anatuluka wakuda bii, wotsatira wa mtundu wa khofi, mpaka wina anatuluka woyera. Kenaka anati anyamata aja amatsukuluza komaliza ndi sipiriti, koma kusitolo kunali kotseka. Nditabwera kumunda ndinapeza botolo langa la grappa, kachasu wa mphesa, limene ndinkasungira ukwati wa mwana wanga, lili pululu pawindo, matcheni awiri akudontha pachingwe cha zovala, akununkhira bwino kuposa mkwati.

"Mudzandithokoza," anatero alamu.

Ndinawauza mawu ena amene sindingawalembe pano.

Phula lenileni la matcheni amaitanitsa kutali m'timapaketi, koma a Egidio anati zimenezo n'za ana a anthu olemera, phula ndi phula. Anapita kwa mnzawo wa ku ubwana, a Fiorenzo, amene amasesa ndi kutseka tchalitchi, n'kubwerako ndi thumba la zotsalira za makandulo akuluakulu a paguwa. Anaika mphika wakale pa kambaula pakati pa bwalo, dzuwa likuswa mtengo, n'kuyamba kusungunula. Fungo linali lokoma zedi, la uchi weniweni. Palibe amene anakumbukira kuti makandulo a paguwa ndi a phula la njuchi, ndipo kuseri kwa mpanda wathu kuli ming'oma ya a Zanin.

Inabwera njuchi imodzi. A Egidio anaipatsa moni. Kenaka zinabwera zisanu, kenaka mtundu wonse ndi alendo omwe. Ndinaona munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri akulumpha bedi la letesi, tcheni chili m'mwamba pa waya, akukuwa, "Tsekulani, mayi a Loredana, tsekulani!" Achemwali anali pazenera, misozi ili chuchuchu ndi kuseka, chitseko atachikhoma. Ine ndinabisala m'chimbudzi cha pabwalo n'kumaseka mpaka nthiti kuwawa. Khutu la a Egidio, limene njuchi zinaluma, linatupa ngati bowa, ndipo tcheni chija chinatuluka chonata ngati chagwera mu jamu.

Wina akanagwa mphwayi, koma osati alamu anga. Anatsukanso zonse, mwamwayi grappa wanga anali atatha kale, n'kubwerera kwa a Fiorenzo. Ulendo uno anatenga timakandulo toyera, totchipa, timene amayi amayatsa pansi pa chifanizo cha Amayi Maria akaponya kandalama m'bokosi. A Fiorenzo amatizimitsa akamatseka tchalitchi n'kuponya zotsalira m'chidebe, ndipo chidebecho chinali chodzaza.

Apa ndiye zinatheka. Anaphikira m'galaja, chitseko chotseka. Phula linasungunuka n'kukhala ngati madzi, anasefa zingwe zake ndi sefa ya tiyi, n'kumiza tcheni. Timathovu tinayamba kutuluka m'mfundo zake.

"Mukuona, alamu? Mpweya ukutuluka, phula likulowa. Chikumwa!"

Atachivuula n'kuchipachika, chinauma gwa, moti anachinyamula ngati ndodo n'kundiloza nacho pamphuno. Kenaka anachikoka uku ndi uku pa mpini wa tsache kuti mfundo zimasuke, tizidutswa toyera tikuyoyoka pansi. Atamanga matcheni onse awiri n'kuzunguza pedulo, ndinatchera khutu. Zii. Njinga imene inkamveka ikadali kumsika inangoti zii. Anavula malaya awo oyera, n'kupukuta nawo tcheni, n'kupita nawo kukhitchini ali chifuwa pamtunda.

"Taonani, mayi a Loredana. Palibe ngakhale kadontho."

Achemwali anayang'ana malayawo nthawi yaitali. "Zakhala bwino," anatero. "Koma sindikwera."

"Nanga si munati vuto ndi oyilo?"

"Ndati sindikwera. Valani malaya, mudwala chifuwa."

A Egidio anatuluka ngati nkhuku yonyowa. Ine zinandipsetsa mtima, chifukwa munthu walumidwa ndi njuchi, wandimwetsera tcheni grappa, ndiye basi?

Koma a Fiorenzo pakamwa pawo sipakhala nkhani. Lisanafike Lamlungu, amayi onse a m'parishi anali atamva kumene makandulo awo anapita. Anabwera gulu, ovala zakuda, zikwama zili m'khwapa, patsogolo pali mayi Assunta ndi ndodo yawo. Ndinati lero alamu aona polekera, ndipo ndinatulutsa mpando kuti ndionere bwino.

"A Egidio, n'zoona kuti makandulo athu mwaphikira njinga?"

"Zotsalira zokha, mayi, zimene a Fiorenzo akanataya..."

"Ine ndinayatsa atatu chifukwa cha bondo langali."

"Ine ndinayatsira Sandro wanga kuti apeze ntchito," anatero wina.

"Ine kuti mpongozi wanga asamuke," anatero wachitatu, anzake n'kumugunyuza ndi chigongono.

Mayi Assunta anawerama movutikira n'kuyang'anitsitsa tchenicho. "Ndiye bondo langa lili apa?"

"Mwina... mwina lili pa chakumbuyocho, mayi."

Anadzuka n'kutembenukira anzawo. "Amayi, ine phiri lija ndinasiya kukwera mwamuna wanga akadali moyo. Mapemphero athu ankathera m'chidebe cha Fiorenzo. Tsopano apeza thiransipoti." Kenaka analoza a Egidio ndi ndodo. "Muwafikitse pamwamba, ansembe akawawaze madzi. Onse. Osatsika n'kumakankha."

"Koma njinga iyi ndi ya awiri, mayi, ndekha sindingathe."

Mitu yonse inatembenukira pakhomo la kukhitchini, pamene achemwali anaima ndi mpeni wa anyezi. Mlongo wangayo angathe kukana mwamuna wake, angathe kukana ine, koma mayi Assunta anamunyamula pa ubatizo.

Lamlungu lake tinanyamuka pabwalo la tchalitchi, njinga zili mbwee, amayi aja akubayibitsa ndi mipango ngati tikupita kunkhondo. Ine ndinali pambali pawo ndi njinga yanga yamagetsi, ndipo amene akufuna kuseka aseke, mawondo ndi anga. Achemwali anakhala pa chishalo chawo, milomo ili yotseka, osayang'ana munthu.

Pachigwa zinali bwino. Titayamba chitunda, ndinadikira kuti njinga yobiriwira iyambe kutsalira monga mwa chaka chilichonse. Sinatsalire. Inapitirira a dokotala wa mano ndi njinga yawo yodula. Inapitirira ana awiri a kwa Zanin. Pa kona yoyamba ndinachita kuwonjezera magetsi kuti ndiwapeze.

"Alamu!" anakuwa a Egidio, nkhope ikuwala. "Mukuona? Ikudzikwera yokha! Ndi phula! Phula limeneli!"

"Yang'anani kutsogolo, mutigwetsa!" ndinatero.

"A dokotala, gulani makandulo! A Nives, tikakupezani pamwamba... ayi, mukatipeza ndinu! Bondo la mayi Assunta likudutsa, patukani!"

Ankaimba, ankaliza belu, ankapatsa moni ng'ombe. Ine ndinayang'ana kumbuyo kwawo. Achemwali anali atagwira mahandulo zolimba mpaka zala kuyera, mutu pansi, thukuta kamukamu, mitsempha ya m'khosi itatuluka. Ankaponda mapedulo ngati akupha njoka. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwaona pa chitunda chimenechi atakhala mowongoka, akuyang'ana maluwa ndi kupereka moni kwa anthu. Nkhope iyi sindinkaidziwa.

Titafika pamwamba, a Egidio anatsika n'kuthamangira kwa ansembe kukawakoka kuti ayambire pa matcheni awo, anthu atawazungulira, aliyense akufuna kugwira ndi chala n'kuona ngati chalacho chingade. Achemwali anatsika mochedwa, n'kudzikoka mpaka pa khoma la miyala. Miyendo inkanjenjemera moti nsapato zinkagogoda pansi. Ndinawapatsa madzi.

"Achemwali, chimene ndaona chija n'chiyani?"

Anamwa, n'kupuma kaye. "Iwe Tullio, pa njinga ija mapazi amazungulira okha, uponde usaponde. Ine pa zitunda sindinapondepo. Chikwatiwire. Ankandinyamula yekha ngati thumba la ufa, ndipo ankakondwa nazo."

"Zaka makumi anayi?"

"Khala chete. Chaka chatha, pa kona ya pa kasupe paja, ndinamva mmene ankapumira. Khutu langa limakhala pamsana pake, iwe. Simmene ankapumira kale. Ndinati ine ndi amene ndidzamuphe munthuyu, ndi kulemera kwangaku. Ndiye ndikanamuuza bwanji? Kuti wakalamba, sungandithenso? Kunali bwino ndinamizire oyilo."

Ndinatembenuka. Kutsidya kwa bwalo a Egidio anali atakwera pa sitepe ya tchalitchi, akuonetsa ndi manja kukula kwa mphika, ansembe akugwedeza mutu ngati akumva Uthenga Wabwino.

"Ndiye chaka chamawa?"

"Ndidzaponda. Ndi chinacho, ndi chinacho, mpaka miyendo idzaduke." Anandigwira kolala n'kundikokera pafupi. "Ukadzangomuuza, ndidzakuphika mumphika womwewo."

"Mayi a Loredana!" anakuwa a Egidio, akubwera manja ali m'mwamba. "Mwaona? Sindinatope n'komwe! Mumamva mmene imapepukira?"

Achemwali anandisiya, n'kupukuta nkhope ndi mpango, n'kuika manja pa mawondo kuti asiye kunjenjemera.

"Ndimamva, bambo a Loredana," anatero. "Ndi phula labwino zedi."