Ng'ombe ya Pakhoma la Sitandade 6

Ndikukumbukira chaka chimene sukulu inayamba kukhala yaulere, ana titadzaza mpaka pansi pa mitengo pasukulu yathu ya kumapiri a ku Biriwiri. Ndinali sitandade 6, ndipo masamu ankandizunza. Chimene ndinkatha chinali kuumba ting'ombe ndi dongo lakudambo, lozizira, lonunkhira mvula. Kang'ombe kanga kankakwana m'bokosi la machesi, nyanga zaminga, linunda ngati nyemba.

Tsiku lina aphunzitsi athu a zaluso, a Ngozo, anakaika pachikhatho n'kukayang'ana nthawi yaitali.

"Filipo, ng'ombe iyi ndikuifuna pakhoma la kalasi, yaitali kuposa chitseko. Makolo akubwera Lachisanu."

Ndinayamba ndi khala, mphuno yanga ili pakhoma penipeni. Mutu unakula mpaka miyendo inasowa malo. Anzanga anati ndajambula mvuu yodwala. Mawa lake ndinajomba, ndinakabisala m'munda wa kachewere.

Nditabwerera ndinkayembekeza chikwapu, koma a Ngozo anandiuza kuti ndijambule kang'ombe kanga papepala. Kenako analemba timabokosi pamwamba pake, ndipo pakhoma tinalemba mabokosi akuluakulu ndi chingwe chopaka choko.

"Chili m'kabokosi aka, chiike m'bokosi ilo," anatero. "Ukajambula pang'ono, uzipita pagolo la mpira paja ukayang'ane."

Utoto unali makala osinja, laimu ndi dothi lofiira. Ndinkakwera padesiki, kutsika, kuthamangira kugolo, kubwerera. Kang'ombe kadongo kankangofuna zala, koma iyi inandipweteka phewa ndi msana womwe.

Lachisanu bambo anga, munthu wosalankhulalankhula, anaima patsogolo pa khomalo manja ali kumbuyo.

"Iyi ndi yakuda ija tinagulitsa nthawi ya chilala," anatero. "Linunda lake lomwe lija."

Pobwerera kumudzi anauza aliyense amene tinakumana naye kuti apite akaone.

Masiku ano khomalo analipaka penti yotsatsa malonda, ndipo sindidandaula kwenikweni. Mwana wanga wamkazi amakuza chithunzi pafoni ndi zala ziwiri, osatuluka thukuta. Sabata yatha anandipempha khoma la khitchini kuti ajambulepo tambala. Amayi ake anakana. Ine ndinapita kukafuna chingwe ndi choko.