Galasi la kuchipinda kwa amayi lasweka panjira

Mwaswera bwanji nonse.

Magalasi a mawindo a nyumba ya amayi afika ku Lirangwe masana ano, koma limodzi lasweka.

Tinanyamuka ku Chileka pa pikapu ya achimwene a Gilibati, magalasi ali mu telela. Chokokera telelayo ndi chatsopano chija chokhala ndi kachikwama ka labala kopopa mpweya, koletsa katundu kugwedezeka pa mabampu. Titapakira, kachikwamako kanaoneka kophwa, ndiye tinaima kwa bambo wokonza njinga za kabaza.

Bamboyo anakapopa ngati tayala la njinga. Ankakatsina ndi chala, n'kupopanso, mpaka kanalimba ngati mwala. "Apa bho, bwana, mufika nako mpaka ku Lilongwe," anatero. Ife tinathokoza.

Titangolowa msewu wafumbi, telela inayamba kudumpha, kenaka tinamva kuti khwa! Achimwene anatsika n'kuona kuti timizere tiwiri ta pachokokera, toyenera kuyang'anizana, tatalikirana. Anaphwetsa mpweya ndi kamtengo ka machesi mpaka timizereto tinakumana. Kuchokera pamenepo tinayenda bwinobwino. Kachikwamako sikafuna kulimbitsa, kamafuna kuti kazinyutuka.

Losweka ndi la kuchipinda kwa amayi, ndipo chifuwa chija sichinawasiye. Atamva anangoti, "Ndiye ine ndigonebe ndi katoni pawindo, kuzizira konseku?"

Galasi la pabalaza ndi lofanana kukula. Ine ndikuti tiwaikire limenelo lero, katoni ipite pabalaza mpaka tigule lina. Amayi akukana, akuti alendo aziseka. Mmisiri woika magalasi akudikira pakhonde. Inu mukuti bwanji?