Njerwa pa sitiroberi wa malemu Stamena

A Radoje anagwira ntchito yoyendera matikiti m'sitima zaka makumi atatu, ndipo anapuma ndi nthenda imodzi: munthu akawamwetulira, ankati wabisa kanthu. Ngakhale wansembe ankamuyang'ana ngati wakwera ulere.

Akazi awo, mai Stamena, atamwalira mu Disembala, anawasiyira kadimba ka zipatso za sitiroberi kuseri kwa nyumba. Pansi malemuwo anali atayala nsalu yakuda yotchinga udzu, ndipo m'chisakasa munali ina yoyera, yopepuka, yofunditsa mbewu chisanu chikalusa. Za dimba mkuluyu sankazidziwa, koma analumbira kuti ikadzakwana miyezi isanu ndi umodzi, abale atasonkhana kumanda ndi zakudya, padzakhale mbale ya sitiroberi wa mwini wakeyo.

Kumapeto kwa Epulo, maluwa atachita mbee, wailesi inalengeza chisanu. A Radoje anafunditsa mizere yonse. Koma akamachokera kogula buledi, ankapeza nsalu ija itapindidwa bwinobwino pambali. Mphepo sipinda nsalu. Tsiku lachitatu anabisala m'chisakasa, n'kupezerera mai Ljubinka, oyandikana nawo, atalowera pakachipata ka pampanda.

"Ehe! Ndiye ndinu, aneba? Mukufuna chisanu chiwaule wa Stamena kuti wanu yekha atchuke?"

"Chisanu chake chiti dzuwa likuwala chonchi, inu? Nanga njuchi zilowera pati kuti maluwa abereke? Muzivundukula m'mawa, kufunditsa madzulo, basi."

"Aliyense wopanda tikiti amakhala ndi nkhani yokoma," anatero a Radoje. Tsiku lomwelo anakhoma loko pakachipata, nsalu n'kuitsendereza ndi njerwa m'mbali monse, masabata atatu osaigwedeza.

Chisanu sichinaphe duwa ndi limodzi lomwe, pamenepo tiwayamikire. Koma mu Juni munatuluka tizipatso topindika, touma kunsonga, tosadzaza ndi chikhatho chomwe.

Kutatsala tsiku limodzi kuti apite kumanda, mkuluyo anakaima pampanda, chipewa chili m'manja.

"Aneba, bwanji Stamena sanandiuzeko za njuchizi?"

"Akuuzeni kangati? Zaka zonsezi, nyengo ngati ino, ikakwana naini koloko tinkatuluka kudzavundukula, ine kwanga, iwo kwawo. Inu mukasuzumira pawindo munkati tikutani?"

A Radoje ankadziwa bwino chimene ankati: kuti awiriwa akuwajeda. Mai Stamena akalowa m'nyumba, mkuluyu ankawapanikiza kuti, "Lero mwandinena chiyani?" kenako n'kunyanyala chakudya chamasana. Manyazi anawagwira, ndi chisoni chakuti wofunika kumupepesayo kulibe.

M'mawa mwake anakana mbale yodzaza sitiroberi imene mai Ljubinka anawaninkha, n'kunyamula tawo topindikato m'kambale. Atatiika pamanda, mlamu wawo anatiyang'ana, n'kupukusa mutu.

"Chisanu cha chaka chino, eti alamu?"

"Ayi," anatero a Radoje. "Ndine."