Batate Batchula Bamayi Chifukwa cha Filimu ya ku Korea

Moni nonse. Imvani vimene vachitika kuno ku Chawama lero.

Malaiti atabwera masana, mng'ono wathu Zainabu anayika filimu ya ku Korea pa TV. Batate mubadziwa kale, kwa iwo mafilimu ni va anthu osowa chochita. Banali pa makina bakusoka mayunifomu.

Nkhani yake ni ya mwamuna amene mkazi wake anamwalira, koma akapita ku nyumba yakale ya mkaziyo, nthawi imabwerera m'mbuyo ndipo amamupeza akali mtsikana. Mtsikanayo samudziwa. Mwamunayo sakamba kanthu, amangomuyang'ana akuyanika vovala.

Pamenepo makina analeka kulira. Pocheuka, napeza batate baimirira kumbuyo kwa mpando, tepu yopimira ili m'khosi, misozi ikutsikira m'ndevu. Chikorea sibamva, Chingelezi cholembedwa pansi sibawerenga, koma vonse vinabafika pamtima.

Kenaka banati, "Amayi anu ndinawaona koyamba ku Kamwala akupinda chitenje cha buluu. Mulungu atandipatsa mwayi ngati wa munthu uyu, sindingawayankhule. Ndingaime patsidya pa msewu n'kumangowaona akupinda."

Chichitikire maliro a bamayi, batate banali basanabatchulepo olo kamodzi.

Manje bakamba kuti Loweruka tibaperekeze ku Kamwala, bakatisonyeze pamene banaima tsiku limenelo. Ba Yusufu, inu ndinu woyamba kubadwa, muona bwanji? Ine niopa kuti mtima ungakabapweteke, koma sinifuna kuti bakhalenso chete.