Lonnie Haugen ndi Msonkho wa Kutsidya

Lonnie Haugen anali wowotcherera zitsulo. Shedi yake inayandikana ndi yanga yogulitsiramo matayala, kuno ku Oregon, m'mphepete mwa mtsinje wa Columbia. Ankapanga mageti a makola ndi ngolo zonyamulira ng'ombe. Chinali chimunthu chachikulu, chosakonda zolankhula, manja ali zipsera zokhazokha. Paunyamata wake ankagwetsa mitengo m'nkhalango, ndipo amene anaponyeranapo naye zibakera m'mabala masiku amenewo ankamupatsabe njira mpaka imvi.

Kwathu kuno tikagula katundu sitilipira msonkho, koma kutsidya kwa mtsinje, ku Washington, amalipira. Wogula akabwera kudzatenga yekha ngolo, Lonnie zinalibe naye kanthu. Koma akaiwolotsa iye pamlatho n'kukaitula kwa mwiniwake, lamulo la kutsidyako linkafuna kuti awonjezere msonkho pamtengo, akaupereke ku boma lawo. Iye sankadziwa. Anawolotsa ngolo kwa zaka zambiri mpaka amsonkho anamutulukira. Anamulipiritsa zam'mbuyo zonse kuchokera m'thumba mwake, ndi chindapusa pamwamba. Munda wa malemu bambo ake unapita choncho. Kuyambira pamenepo sankalumpha msonkho pa katundu aliyense, koma ukangoutchula, mitsempha ya m'khosi mwake inkatupa.

Tsiku lina anandipempha kuti ndimuperekeze kwa Merle Stoddard, mlimi wa ng'ombe wa kutsidya amene anaitanitsa ngolo. Tinafika dzuwa lili paliwombo, n'kumasula ngoloyo pafupi ndi khola. Merle anaizungulira, kuigogoda, akumwetulira. Atamva mtengo wonse, nkhope inasintha.

"Msonkho wa chiyani? Ndagula ku Oregon ine!"

"Mwagula ku Oregon, inde, koma ndakutulirani pakhomo panu," anatero Lonnie. "Ndinakuuzani pafoni, achimwene."

"Mchimwene wako ndani? Mbava iwe! Tenga ya ngoloyo basi, uone msana wa njira."

"Ndiye ibwerera komwe yachokera."

Lonnie anawerama ndi unyolo kuti aimangirirenso ku galimoto. Royce, mwana wa Merle, bambo wandevu kale, anali ataima kumbuyo ndi chitsulo chokumbira maenje. Sindinamuone akuchikweza. Ndinangomva kuti phii pamsana pa Lonnie.

Lonnie anagwada. Kenako anadzuka pang'onopang'ono, anagwira Royce pakhosi n'kumuombetsa nkhope pangolo mpaka mano anayoyokera m'fumbi. Anamupotokola mkono, fupa linalira ngati nkhuni youma.

"A Lonnie, mupha munthu!" ndinakuwa.

Merle anandikankha, ndinakagwera m'ndowe. Anatola unyolo umene Lonnie anagwetsa n'kumukwapula nawo Lonnieyo kumaso. Ngowe yake inalowa m'diso lakumanzere.

Magazi anayenderera mpaka m'malaya, koma Lonnie sanalire. Anamugwetsa Merle chagada, anamukhalira pachifuwa n'kuyamba kumusinja, akukalipa, "Msonkhowo si wanga! Ukumva, galu iwe? Si wanga!" Anamuleka pokhapokha mkazi wa Merle atatuluka m'nyumba n'kuombera mfuti m'mwamba.

Ndinathamanga naye kuchipatala atadzitseka kumaso ndi kansanza ka mafuta a injini. Disolo analichotsa. Kukhoti onse atatu anawapeza olakwa, koma Lonnie ndiye anakhalitsa m'ndende chifukwa cha mkono wa Royce, umene sunawongokenso. Ngolo ija anaisunga kupolisi ngati umboni mpaka inadyedwa ndi dzimbiri.

Atatuluka anayesa kubwerera pa ntchito yake, koma ndi diso limodzi mizere yowotcherera inkakhota, zitsulo osagwirana. Tsiku lina ndinamupeza atataya makina pansi. Mkazi wake, Marlys, analemba ntchito amisiri ena n'kutenga yekha bizinesi yonse. Lonnie anatsala wopenta mageti pakhomo pa shedi, ndipo mlatho sanauwolokenso. Anamwalira chaka chatha ndi nthenda ya mtima. Marlys akugulitsabe mpaka lero, kuno ndi kutsidya komwe.