Tsiku Limene Mfuti ya a Lorna Inakhala Chete

Kuno ku Wyoming, ukafunsa za a Lorna Etcheverry, anthu amayamba kukuuza kuti mayi amenewo sakhululuka, za nkhosa zawo n'kubwera pambuyo. Ndi mayi wamfupi, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, ndipo chaka chonse amavala jekete la malemu amuna awo, a Arnaud, lomwe limawalekeza m'mawondo. Bambo wina woyandikana nawo anasiyapo geti losatseka, nkhosa n'kutulukira kumsewu. Palibe nkhosa imene inafa, koma a Lorna anatha zaka khumi ndi chimodzi osamupatsa moni bamboyo. Tsiku la maliro ake anapita ndi buledi wotentha, kuti anthu aone kuti mkwiyo wawo unali wa mwamuna yekhayo, osati banja lonse.

Zosaka nkhandwe sizinali m'mutu mwawo. Kwa zaka makumi anayi ntchito yawo inali kubereketsa nkhosa m'chisanu, kuyamwitsa tiana tamasiye ndi botolo, ndi kudzudzula amuna awo. Nkhandwe za kuno, makayoti, zinkagwira tiana ta nkhosa chaka ndi chaka, iwo n'kumangoti nazonso zili ndi mimba. Mfuti inali nkhani ya amuna.

Zinasintha m'mawa wina, patangotha miyezi inayi a Arnaud ataikidwa m'manda. Pakhomopo panatsala Tilly, galu woweta nkhosa wa malemuwo, wokalamba, wosaona bwino, yemwe ankagonabe pakhonde pafupi ndi nsapato za mbuye wake. A Lorna ankakanda ufa wa buledi pawindo la kukhitchini pamene anaona nkhandwe yaikazi ikudutsa pabwalo mosapupuluma. Tilly anatsika masitepe kuti akaiuwe, monga anachitira moyo wake wonse. Pamene a Lorna ankatuluka, manja ali mbuu ndi ufa, nkhandweyo inali itamugwira kale pakhosi. Sinamudye. Inamusiya pomwepo, n'kuwayang'ana iwo kamodzi, n'kumapita.

Ikanamudya, mwina akanamvetsa. Chimene chinawawotcha mtima n'chakuti inapha nkhalamba pakhomo pake popanda njala. Anamukwirira Tilly pamodzi ndi nsapato zija, ndipo madzulo ake anaimbira foni mlamu wawo, a Gaston, mkulu wake wa malemu Arnaud, omwe anali mlenje wa pabanjapo.

A Gaston anabwera ndi mfuti ndi kalipenga kawo ka nyanga ya ng'ombe koitanira nkhandwe. Anakabisala kuchigwa, n'kuliza. Nkhandwe ija inabwera ikuthamanga, iwo anawombera, chipolopolo n'kungoidula khutu lakumanzere. Aliyense kuno amadziwa kuti nkhandwe yoitanidwa, yowomberedwa, n'kupulumuka, yapita kusukulu ndipo sidzabweranso ku lipenga. Kuyambira tsikulo dzina lake linali Wodukakhutu.

"Alamu, munapita kukapha nkhandwe kapena kukaiboola makutu kuti izivala ndolo?" anafunsa a Lorna.

"Mphepo, alamu. Inandikankha."

"Mphepo imeneyi imangokankha inu nokha m'chigwa chonsechi. Bweretsani kuno nyangayo."

Anaphunzira kuiliza m'khitchini momwemo. Anaphunzira kulira ngati nkhandwe yachilendo yolowa m'dera la eni, ndi kulira ngati kamwana kankhandwe kolumidwa, mpaka nkhuku zawo zinasiya kuikira. M'zaka ziwiri anapha nkhandwe zambiri, zonse n'kuzipachika pampanda wa waya wa kumsewu, mitu pansi, kuti zinzawo zizidziwa. Koma Wodukakhutu ankangokhala pachitunda, kutali kumene chipolopolo sichifika, n'kumauwa mwachipongwe kuchenjeza zinzake. A Lorna ankamuona bwino pagalasi la mfuti, khutu limodzi lili njoo, ndipo ankabwerera kunyumba osadya.

Chaka chachitatu a Gaston anabweretsa Banjo, galu wachikasu wa ubweya waufupi, wamiyendo italiitali, wophunzitsidwa ntchito ya nyambo. Nkhandwe zikakhala ndi ana m'dzenje sizipirira kuona galu m'dera lawo, ngakhale zitachenjera bwanji. Mlenje amaliza lipenga, galu n'kupita kukaziputa. Zikamuthamangitsa, iye amatembenuka n'kuthawira kwa mbuye wake, izo zili pambuyo, maso onse ali pamchira wake, zaiwala zonunkhiza munthu.

"Koma mumve, alamu," anatero a Gaston, akusisita bondo lawo lovuta. "Galu uyu sapita kumeneko chifukwa cholimba mtima. Amapita chifukwa akudziwa kuti akabwerera, mfuti ilankhula. Iliyonse imene wabweretsa, womberani, musasankhe. Ndipo musadzamutume kachitatu. Kachitatu miyendo imakhala itatha."

"Malamulo onsewa, munthu wake wodula makutu."

"Nyozani, koma mwamva."

Anamvadi, ndipo kwa chaka chathunthu anasunga. Banjo ankabwera ndi nkhandwe kumchira, mfuti n'kulira, iye n'kutembenuka kukaigwedeza yakufayo pang'ono, kenako n'kudzaika mutu pamwendo pa a Lorna. Kunyumba analanda mpando wa malemu Arnaud, womwe ngakhale abusa sankaloledwa kukhalapo. Ankadya nyama yankhosa ya m'mbale ya a Lorna. Ukawafunsa ankati galuyo ndi chida chabe ngati fosholo, koma fosholo yawo sinafundepo bulangete.

M'mwezi wa Meyi anapeza mapazi atsopano ndi mafupa a kamwana ka nkhosa kukhwawa louma la kumpoto kwa busa lawo. Anadziwa kuti Wodukakhutu waswera pafupi. M'mawa mwake, dzuwa litangotuluka, anakwera chitunda ndi Banjo, a Gaston akutsimphina pambuyo.

"Mfuti yanu yoboola makutuyo isiyeni m'galimoto," anali atawauza. "Mwabwera kudzaonerera."

Anakhala pansi pakati pa zitsamba zotuwa, mphepo ikuwomba kumaso kwawo monga zimafunikira. A Lorna analiza nyanga kamodzi, motalika. Kutsidya kwa khwawa kunayankha mawu atatu. Banjo ananjenjemera, n'kuwayang'ana.

"Pita."

Anapita. Pasanathe mphindi zisanu anatulukira akuthamanga, nkhandwe yaimuna yaikulu ili pambuyo pake, msana itautukumula. Inafika pafupi moti munthu akanaigenda ndi mwala. Koma pamwamba pa chitunda cha kutsidya panakhala ina, yakhutu limodzi, ikungoonerera. A Lorna anadziwa kuti mfuti ikalira tsopano, imeneyo isamutsa ana lero lomwe, ndipo chaka chino chapitanso.

"Womberani," ananong'ona a Gaston.

Chala chawo sichinasunthe. Banjo anafika, n'kuzungulira kumbuyo kwawo, kudikira phokoso limene ankalidziwa. Kunali zii. Yaimuna ija inaima, inakanda pansi, n'kubwerera mwamatama. Galu anawayang'ana a Lorna mutu ataupendeketsa.

"Pita."

Ulendo wachiwiri anabwera nazo ziwiri, yaimuna ija ndi ina yaing'onopo. Zinkamuluma m'matako akuthamanga, iye n'kumalira pang'ono. Wodukakhutu anali atatsika mpaka pakati pa chitunda, koma anaimanso kuseri kwa mwala, kukungooneka khutu. Zaka zinayi a Lorna anali asanamuonepo pafupi chonchi. Mfuti inakhalanso chete, ndipo ziwiri zija zinabwerera.

Banjo anagwa pamapazi awo, lilime lili panja, magazi akuchucha pantchafu.

"Basi, alamu," anatero a Gaston. "Kawiri kakwana. Tiyeni tizipita, tibweranso."

"Watsika. Simukumuona? Watsala pang'ono."

"Ndikuona galu wotopa. Mukamutuma, zimugwira poyera paja, m'munsi mwa chitunda."

"Zikamugwira ndiye atsika."

A Gaston anawayang'ana mlamu wawoyo ngati akumuona koyamba. "Ndiye mukudziwa chimene mukuchita."

"Ndikudziwa."

Ankadziwadi, ndipo palibe chifukwa chowabisira. Sikunali kulakwitsa kwa munthu wosadziwa ntchito. Anaika pasikelo galu wamoyo amene ankagona pampando wa amuna awo ndi nkhandwe imene inapha Tilly, chidani n'kulemera. Anagwira Banjo pakhosi, n'kumulozera kukhwawa.

"Pita, mwanawe."

Galu anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anadzuka n'kupita, osathamanga ngati poyamba.

Zinamugwira poyera pomwe a Gaston ananena. Yaimuna inamugwetsa ndi chifuwa, yaing'ono n'kumugwira mwendo wakumbuyo. Fumbi linakwera, ndipo Banjo analira kulira kumene a Lorna ankayesa kutsanzira ndi nyanga zaka zonsezi osakufikapo. A Gaston anayamba kudzuka, akutukwana m'chinenero cha makolo awo. Apo ndi pamene Wodukakhutu anatuluka kuseri kwa mwala, kutsika mwaliwiro kuti akamalize. A Lorna anamulola kufika poyera, anapuma mpweya umodzi, n'kuwombera. Nkhandwe inagudubuzika kawiri, osadzukanso. Zinzake zinabalalika.

Anatsika chitunda akuthamanga, jekete likuwakola m'mawondo. Banjo anali gone pafumbi, akuyesa kudzutsa mutu atawaona. Iwo anamudutsa. Anakafika kaye pa nkhandwe ija, anaitembenuza ndi phazi, anagwira chitsa cha khutu lija kuti atsimikize.

"Unandiyang'ana tsiku lija," anaiuza. "Ndiyang'anenso."

Atatembenuka, a Gaston anali atamunyamula kale galu, akutsimphina naye kupita kugalimoto.

Dokotala wa ziweto anamusoka pamimba, pantchafu ndi pakhosi, ndipo Banjo anachira, kungotsala kukoka mwendo. Wodukakhutu sanapachikidwe kumsewu ngati zinzake. A Lorna anamupachika pampanda wa pabwalo, poyang'anizana ndi windo la kukhitchini, kuti azimuona akamakanda ufa. Anasangalala, ndipo sanabise. Sabata imeneyo anadya mokhuta, anagona tulo tabwino, anaimba nyimbo akutsuka mbale. A Lorna ankamudyetsa Banjo msuzi ndi sipuni, iye n'kumalandira, maso ali kwina.

Zilonda zitapola, m'mawa wina anatenga nyanga ija pamsomali, osati kukasaka, kungoti aipukute fumbi. Banjo anatsika pampando wa a Arnaud, anakankha chitseko ndi mphuno, n'kutuluka. Anadutsa pabwalo, anadutsa geti, akukoka mwendo, osacheuka. Anayenda mamailosi atatu mpaka kwa a Gaston.

A Lorna anamutsatira masana. Anamupeza atagona pansi pa galimoto ya alamu awo.

"Banjo, tiye kwathu."

Galu sanauwe, sanathawe. Anangotembenuza mutu.

"Mwamunyengerera ndi chiyani, alamu?"

"Ine? Ngakhale madzi sindinamupatse," anatero a Gaston ali pakhonde ndi kapu ya khofi. "Wakhala nanu chaka chathunthu, alamu. Khalidwe lake watengera kwa inu."

Anamunyamula tsikulo n'kumuika m'galimoto, koma m'mawa mwake anali atabwereranso. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu sanayese.

Pano papita zaka ziwiri. Chikopa cha Wodukakhutu chinauma n'kuyoyoka, pampanda pangotsala waya umene anamumangira, ndipo a Lorna sanauchotse. Ukawafunsa ngati amanong'oneza bondo, amati nkhandwe ija inayenera kufa, ndipo akanaiphanso mawa. Koma Lamlungu lililonse potuluka kutchalitchi amakhotera kwa a Gaston ndi nthuli ya nkhosa m'mbale. Amaiika pafupi ndi tayala la galimoto, n'kukhala pamasitepe, n'kumalankhula ndi alamu awo za mvula ndi udzu. Banjo amadikira. Amadya galimoto yawo ikatuluka pageti.

A Lorna sadandaula, chifukwa mchitidwe umenewu amaudziwa kuposa wina aliyense m'chigwa muno. Amadziwa kuti ukhoza kutha zaka khumi ndi chimodzi. Amadziwanso kuti Banjo ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo pakamwa pake payamba kale kuchita imvi.